Malonje a Che Sadiki

Che Sadiki sanabadwire mabuku, iyayi. Anabadwira padooko la ku Chiuta, m'banja la asodzi, ndipo akanakhala ndi miyendo iwiri yolimba bwenzi lero akununkha matemba ngati abale awo onse. Koma ali kamwana anadwala nthenda imene inawafooketsa mwendo wakumanzere, moti bambo awo ataona mmene ankatsimphinira anangoti uyu m'bwato adzatimiza, apite kusukulu basi. Sukuluyo anaiphunzira ngati chilango, m'mawa kwa aphunzitsi, masana kumadrasa, mpaka anafika folomu yachiwiri, pamene kunyumba anati zakwana. Atachoka apo anakagulitsa m'sitolo ya mmwenye ku Liwonde zaka zambirimbiri, osakwatira, osamanga ngakhale kakhitchini. Zimene anabwera nazo kumudzi ndi Chingerezi, njinga, ndi simbi ya makala yositira malaya.

Anabwerera chifukwa cha mlongo wawo Halima. Mwamuna wa Halima anapita ku Joni n'kukatchona, osaimba foni, osatumiza ngakhale bulangete, kumusiya mayi ndi ana atatu. Kwathu kuno ana ndi a kwa amayi awo, ndipo wowayang'anira ndi mjomba wawo, mlongo wa mayi. Ndiye Che Sadiki anamanga kanyumba pafupi ndi nyumba ya Halima n'kukhala mwini mbumba, mbumba yake yopanda ngakhale mbuzi.

Ntchito ya laibulale inawapeza mwangozi. Pasukulu ya pulayimale ya m'deramo, kupitirira Ngokwe ngati mukutsikira kunyanja, kunabwera makatoni a mabuku kuchokera ku kagulu kena ka amayi a mpingo kunja kwa dziko. Ahedi, a Blasius, anasowa munthu woti aziwasamala, pakuti aphunzitsi anakanitsitsa kuti ntchito yopanda alawansi iwo sagwira. Kenako anakumbukira kuti pamudzi pali munthu wodziwa Chingerezi amene alibe kopita. Anawapatsa chipinda chimene munkasungidwa madesiki othyoka, n'kuwauza kuti laibulale yanu ndi imeneyi, ya sopo tiziona pakutha pa mwezi. Mwezi wake sunkatha kawirikawiri, koma Che Sadiki sanadandaule. Anathamangitsa mileme, anathira phulusa ndi oyilo wakutha m'mbali mwa zipupa kuti chiswe chisakwere, anakhoma mashelefu ndi matabwa a madesiki aja. Mabuku ambiri anali onena za mahatchi, za nyumba zosanjikana, ndi za mayiko ozizira kumene madzi amauma gwa, koma iwo ankawapukuta limodzilimodzi ngati mbale za alendo.

Munthuyo anali waulemu wofika potopetsa, ndikuuzeni. Mwana akalowa chothamanga n'kunena kuti ndikufuna buku, ankamubweza panja kuti akayambirenso: aodire, apereke moni, ayankhidwe, kenako anene chimene wabwerera. Ankati munthu woyamba ndi nkhani asanapereke moni ndi wakuba kapena wamisala. Kwa iwo kucheza kunali ndi makwerero ake. Poyamba moni, ndipo moni sayankhira zoona. Ngakhale m'nyumba muli wodwala wakayakaya umati tili bwino, kaya inu. Mukakhala pansi, mnzako akakufunsa kuti nanga za kumeneko, apo ndiye umamasula malonje, kuyambira mmene wadzukira, za mvula, za odwala, mpaka kufika pa chimene chikukuwawa. Ana ankawaseka kumbali n'kumawatcha Che Odi. Amene sankaseka ndi Mwanaidi yekha, mwana woyamba wa Halima. Mtsikanayu ankawerenga chilichonse, za mahatchi zomwezo, ndipo akapeza liwu lovuta sankalidumpha, ankalinyamula mpaka kunyumba kukafunsa. Amjomba ake akamuyang'ana ankaona sekondale imene iwo anaisiyira panjira.

Chaka china cha madzi osefukira, amayi a kunja aja anatumiza malaputopu kusukulu zitatu zimene ankazithandiza, ya Che Sadiki, ina ya ku Rivirivi, ndi ina ya kufupi ndi Ulongwe, n'kuitanitsa osunga mabuku ku Balaka kuti akaphunzire bulogu. Wophunzitsa anali Hilary, wa nsapato zosongoka, wolankhula mothamanga ngati kondakitala wa minibasi. Iye anati bulogu ndi chipupa chako cha pa intaneti, umamatapo nkhani ndi zithunzi, ndipo aliyense padziko atha kuwerenga n'kulemba ndemanga pansi pake. Kenako anawauza kuti aliyense agwire mbewa yake. Che Sadiki, Msilamu wosadumpha swala, anabweza dzanja msangamsanga. Mayi Elube a ku Rivirivi, amene anakhala pambali pawo, anaseka mpaka misozi, n'kunena kuti kwawo mbewa amaotcha, koma ya mchira wa waya iyi sanailawepo. Mbewa yake inali kachipangizo kosunthira kamuvi pagalasi la kompyuta.

Kuphunzira kwake kunali kowawa. Zala zimene zinazolowera cholembera zinkasaka chilembo chimodzichimodzi ngati nkhuku ikutola mapira. Pasiwedi ankaiwala, nkhani akailemba inkasowa asanaiponye, ndipo tsiku lina anafufuta zithunzi zonse osadziwa kuti adina pati. Hilary ankawalanda laputopu n'kukonza mwakamphindi, osawaonetsa, uku akuti madala, izitu n'zophweka. Koma panali phunziro limodzi limene Che Sadiki analimva nthawi yomweyo. Hilary anati azungu anatopa ndi zithunzi za ana amamina ndi mimba zotupa, ndiye pabulogu musamalirepo, muzionetsa ana akuwerenga, akumwetulira, kuti othandizawo aone kuti mabuku awo akugwira ntchito. Mawu amenewa anawagwera pamtima, pakuti iwo kupemphetsa ankadana nako kuposa matenda.

Atabwerera anapeza kuti kusukulu netiweki kulibe. Foni ikagwira inkagwira ya ku Mozambique, yolankhula Chipwitikizi. Malo okha amene intaneti inkapezeka ndi pachulu china chachitali kuseri kwa msika wa Ngokwe. Ndiye Lachisanu lililonse ankasiya laputopu kwa wometa tsitsi kuti itchajidwe, ndipo akatuluka mumzikiti ankaitenga n'kukwera chulu chija ndi mwendo umodzi ndi theka, n'kukhala pamwamba, malaya ali mbee. Ogulitsa nsomba ankawakuwiza kuti Che Sadiki, mwezi waoneka? Iwo n'kumangodina zawo palaputopu. Pang'ono ndi pang'ono anazolowera. Ankaponya zithunzi za Mwanaidi ndi anzake atagwira mabuku, ndi timawu ta Chingerezi chawo cha m'sitolo, ndipo pansi pa nkhani iliyonse pankabwera ndemanga ya mayi Janet, mtsogoleri wa kagulu kaja. Che Sadiki sanawaonepo mayiwo, koma ankawatchula ngati mnansi wa khomo loyandikana.

Kenako kunabwera chaka chimene sitifuna kuchikumbukira. Mvula inadula pamene chimanga chinkangotulutsa ngayaye, dzuwa n'kuchiwotcha chiimirire. Nyanja inathawa, asodzi n'kumakankha mabwato m'matope mtunda wautali kuti akapeze timilamba tokwana m'dzanja. Anthu anayamba ndi madeya, ndipo pofika chilimwe, madeya atatha, anagwera mango osakhwima, kumawaphika ngati mbatata. Kusukulu ana anachepa. Amene ankabwera sankabwerera mabuku. Ankalowa mulaibulale, moni n'kupereka ndithu, kenako n'kugona pasimenti chifukwa panali pozizira. Apa ndiye pamandipsetsa mtima. Lachinayi likakwana Che Sadiki ankawadzutsa anawo, kuwapatsa madzi kuti anyowetse milomo yotuwayo, kuwagwiritsa mabuku, n'kuwauza kuti amwetulire. Ana ankamwetuliradi, pakuti mwana wa kuno akauzidwa ndi wamkulu amachita. Zithunzizo zinkatuluka zokongola kwabasi.

Halima ndiye anali atatopa. Ganyu kunalibe, pakuti wolemba ganyu naye anali ndi njala. Tsiku lina masana anawapeza achimwene ake akusita malaya, n'kuwauza mosapsatira kuti iye akuwoloka. Kutsidya kwa nyanja, ku Mozambique, kunali amayi awo aang'ono amene anali ndi minda ya chinangwa, ndipo anali atatumiza mawu kuti abwere ndi ana azikathandiza kulima. Che Sadiki anadziwa tanthauzo lake. Amene amawoloka chotere sabwerako, ndipo kwa mtsikana wa msinkhu wa Mwanaidi sukulu imathera padooko. Nthawiyi n'kuti Mwanaidi atalowa sitandade eyiti, mayeso ali pakhomo. Che Sadiki anamugwira mwendo mlongo wawo kuti adikire kaye. Ahedi anali atamva kwa Hilary kuti amayi a kunja aja asonkha zogulira ufa wa phala, kungoti ufawo sukwanira sukulu zonse zitatu, asankha ziwiri zimene zavutikitsitsa. Phala likabwera ana azidya kamodzi kusukulu, zinazo Mulungu aona.

"Phala likabwera ndikhala, achimwene," anatero Halima. "Likapanda kubwera musadzandigwirenso mwendo. Ana sadya mabuku."

Lachisanu lotsatira atakwera pachulu anapeza ndemanga ya mayi Janet pansi pa zithunzi za sabata yathayo. Mayiwo analemba kuti akumva zoopsa za njala ku Malawi, ndiye anafunsa kuti muli bwanji kumeneko, inuyo ndi ana? Che Sadiki anaona kuti mlendo uja waodira tsopano, nkhani yafika pakhomo yokha. Anapukuta manja pathalauza n'kuyankha ngati munthu woleredwa: tili bwino tonse, Mulungu akutisunga, kaya inu kumeneko ndi apabanja? Anadina, mawu n'kupita.

Kenako anakhala n'kumadikira. Malonje anali atawayala kale m'mutu, mwadongosolo lake: ayamba ndi mvula, abwere kunyanja, atchule mango, amalizire ndi ana ogona pasimenti. Chinatsala n'chakuti mayi Janet ayankhe moniwo n'kufunsa kuti nanga za kumeneko. Anadikira mpaka mthunzi wa chulu unafika pamsewu, batire n'kutha, galasi n'kuda bii. Sanade nkhawa. Anatsika akuimba kamluzu, ndipo kunyumba anauza Halima kuti nkhani yayambika bwino, apatsana kale moni. Halima anangowayang'ana n'kupitiriza kusenda mango.

Mwina mukuti munthuyu anali chitsiru. Inenso pena ndimatero. Koma tandiuzani, ndani wa ife anayankhapo moni ndi mawu oti tikufa? Kuchipatala komwe, munthu ali pa dilipi, ukamufunsa amati ndiliko bwino pang'ono. Hilary anawaphunzitsa mbewa, pasiwedi ndi podina, koma sanawauze kuti anthu a kumeneko safunsa kawiri, kuti funso lawo loyamba ndi lomwelonso lomaliza. Naye mwina sankadziwa kuti zimenezi n'zofunika kuphunzitsa.

Sabata yonse Che Sadiki ankangokonza malonje awo, kuchotsa liwu ili, kuikapo lina, kufufuza m'dikishonale kuti madeya pa Chingerezi amati chiyani. Anauzanso ahedi kuti akonzeretu nkhuni ndi amayi ophika. Lachisanu litafika anakwera chulu chija swala isanazizire n'komwe. Yankho linalipo, lalitali, laulemu. Mayi Janet anathokoza Mulungu kuti sukulu ya Che Sadiki yapulumuka, ndipo anati n'zoonadi, zithunzi zikuonetsa ana osangalala. Anati komiti yawo inakhala pansi Lamulungu, ndipo poti ku Rivirivi ndi ku Ulongwe zinthu zafika poipa, ufa wapita kumeneko. Anamaliza ndi kuwayamikira chifukwa cha ntchito yabwino.

Che Sadiki anawerenga kachiwiri, poganiza kuti Chingerezi chawazemba. Sichinawazembe. Anatsegula bulogu ya mayi Elube n'kuona zimene anali atalemba: popanda odi, popanda moni, chiganizo choyamba chomwe kuti ana akukomoka m'kalasi, pansi pake chithunzi cha poto wa mango ophika. Mayi Elube musawade. Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko, ndipo iwo anatsekula. Ana a ku Rivirivi nawo anali ana.

Pomwepo Che Sadiki analemba malonje awo onse osafunsidwa ndi munthu. Analemba za chimanga, za nyanja, za makalasi opanda ana. Analembanso za madzi onyowetsera milomo aja, chinthu chimene chinawachititsa manyazi kuposa zonse. Ataponya anaimbira Hilary. Iye anamvetsera, anausa moyo, n'kufunsa kuti nanga madala, munayankhiranji kuti muli bwino?

"Nanga munthu akakupatsa moni umati chiyani?" anafunsa Che Sadiki.

Hilary anangoti aona chimene angachite, mawu amene tonse timadziwa tanthauzo lake.

A Blasius atamva anawalalatira pamaso pa aphunzitsi, kuti ulemu wawo wadyetsa ana fumbi, kuti akanadziwa laputopu ija akanapatsa munthu wamwano. Makolo nawo anamva, pakuti chaka cha njala nkhani ya ufa sigona panjira. Amayi a pamjigo akawaona akudutsa panjinga ankafunsa mokweza kuti Che Sadiki, muli bwino eti, n'kumaseka kuseka kopanda chimwemwe. Nkhuni zimene anali atatola kale anakazitenga aliyense zake. Che Sadiki ankangoweramitsa mutu n'kumapalasa.

Mayi Janet anayankha ndi chisoni chenicheni, sindingawanamizire. Anati analira atawerenga, anafunsa kuti bwanji sananene poyamba paja, koma ufa unali utagulidwa kale n'kugawidwa, ndipo kusonkha kwina kudikira chaka chamawa. Nkhani ija inawerengedwa ndi anthu ambiri kuposa zonse zimene Che Sadiki analembapo. Anthu a mayiko amene iwo sanawamvepo ankadina kachala kosonyeza kuti aikonda, ena n'kuikapo tinkhope tolira. Hilary anaimba mosangalala kuti bulogu yawo yatchuka, ndipo aziigwiritsa ntchito pophunzitsa ena. Che Sadiki anamufunsa ngati tizala timeneto tingasinthidwe kukhala ufa, iye n'kuseka poganiza kuti madala akuchita nthabwala.

Halima sanawanyoze. Bola akanatero. Anangomanga mapoto, mphasa ndi tizovala, ndipo achimwene ake sanamugwirenso mwendo. M'mawa wa Loweruka anauyamba ulendo wa kunyanja, Che Sadiki akukankha njinga itasenza katundu. Dooko limene anabadwirapo linali litatsala pamtunda, ndiye anayenda m'matope ouma ong'ambikang'ambika, kenako onyowa, mwendo wofooka uja ukutitimira, mpaka pamene bwato linkadikira. Ana aang'ono awiri aja anakwera mosangalala chifukwa anauzidwa kuti kutsidya kuli chinangwa. Mwanaidi anavala yunifolomu, pakuti ndiyo inali diresi yake yabwino.

Asanakwere, amjomba ake anamukokera pambali n'kusolola buku m'malaya. Linali buku lalikulu la zithunzi za thupi la munthu, mafupa ndi mitsempha, limene mtsikanayo anali atalifika pakati. Anamuuza kuti alitenge, asamaiwale Chingerezi, njala ikatha adzabwera kudzalemba mayeso chaka china. Ankalankhula mofulumira, osamuyang'ana kumaso. Mwanaidi analilandira ndi manja awiri, anayang'ana pachikuto pamene panali chidindo cha sukulu, n'kulibweza ndi manja awiri omwewo.

"Ndi la mulaibulale, amjomba. Wobwereka amabweza. Ine ndidzabweza liti?"

Mwini bwato anakankha ndi nsungwi yake. Che Sadiki anaimirira m'matope mpaka bwato linalowa m'mabango. Pobwerera sanapite kunyumba. Anakatsegula laibulale ngakhale linali Loweruka, n'kuliika bukulo pashelefu pamene linachoka.